Mkamwini ndi Pijo Yake

Kwathu kuno, kuseri kwa msika wa Chinakanaka, mkamwini timamuyesa ndi zimene wadzala. Akadzala chimanga chokha timadziwa kuti mtima wake uli panjira, akungodikira kukolola. Akadzala nthochi timati mwina akhalitsako. Koma akadzala mapeyala, kapena kuumba njerwa, apongozi amapeza tulo, pakuti palibe amene anathawapo ukwati atasenza mtengo. Tsono a Hopeson, amuna awo a mayi Sophie, atapuma ntchito kuesiteti ya tiyi sanadzale kanthu. Anabweretsa chinthu cha matayala, ndipo chinthucho chinatsala pang'ono kuwachotsa pamudzi.

Munthuyu anabadwira m'malayini a kampani, m'nyumba zija zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Bambo awo anachokera kutsidya kudzathyola tiyi, n'kufera momwemo m'malayinimo. A Hopeson nawonso anayamba ndi dengu kumsana, kenako anakhala wotsuka mathirakitala. Potsukapo anayamba kumasuzumira m'mimba mwa mathirakitalawo, mpaka akuluakulu a kugalaja anatopa kuwathamangitsa n'kungowapatsa sipanala. Anakalambira pamenepo. Zaka zonse za ukwati wawo ankachoka m'mamawa pa njinga, madzulo n'kubwera akununkha girisi. Mowa ayi, juga ayi, zolankhula ayi. Ife oyandikana nawo tinkawalemekeza, komanso tinkawayang'anitsitsa, chifukwa munthu wosalankhula sudziwa chimene wafungatira.

Galimotoyo inafika mu 2011, chaka chija mafuta anasowa dziko lonse. Inali Pijo yakalekale, ija yaitali kumbuyo. Poyamba inali ya bwana wina wa esiteti, kenako ya abusa, kenako inanyamula anthu ndi chinanazi pakati pa Limbe ndi Muloza mpaka inagwada, ndipo pomaliza inali khola la abakha kwa munthu wina ku Chitakale. Mita yake yowerenga mtunda inali itazungulira n'kuyambiranso, moti ukasuzumira inkakuuza kuti galimotoyo ndi khanda. Inalowa pamudzi yokokedwa ndi chingwe kumbuyo kwa lole, nthenga za abakha zikuuluka m'mawindo.

Woyamba kuyankhulapo anali Janeti, mng'ono wawo wa mayi Sophie, amene amagulitsa matimati pamsika ndipo nkhani amapereka yaulere ngati basela.

"Achemwali, eni galimoto zamoyo akufola pamzere ku Chitakale ndi zigubu zouma. Alamu akukagula yakufa. Aidyetsa chiyani?"

"Asiye," anatero mayi Sophie. "Munthu anazolowera zitsulo. Ukufuna azikhala pakhonde n'kumandiyang'anira mchere?"

Miyezi yoyamba tinkangoseka. A Hopeson anamangirira tcheni panthambi ya mango n'kuzula injini ngati dzino. Anaiphwasula yonse, tizitsulo n'kutiyala pamasaka, n'kumatitsuka ndi palafini m'beseni la akazi awo losambira. Atayang'ana bwino anapeza kuti injiniyo inamwalira kale abakha asanalowe. Anapita kwa Abdul, wowotcherera zitsulo wa ku Chitakale, n'kukatengako injini ya dizilo ya pikapu ina imene inachita ngozi. Injiniyo inakana kulowa. Anadula apa, kuwotcherera apo, kusuntha lediyeta, mpaka inalowa mokakamiza ngati phazi la mlimi mu nsapato yobwereka. Tsiku limene inatsokomola koyamba utsi unabalalitsa nkhuku za mudzi wonse, amayi n'kululutira. Aliyense anali atadziona kale atakhala mmenemo akupita kuukwati.

Zinthu zinatembenuka ndi maliro. A Hopeson ali ndi mkulu wawo mmodzi, a Danieli, amene anakakwatira kutali kuseri kwa phiri, cha kumalire, kumene msewu umathera mumtsinje n'kukatulukira tsidya lina ukafuna. Akazi awo a Danieli anamwalira, ndipo a Hopeson anapita okha kumaliroko, pakuti mayi Sophie anali ku Blantyre kwa mwana wawo Rosie amene anali atangochira kumene. Anakhalako nthawi yaitali kuposa mmene maliro a mlamu amafunira. Atabwerako, galimoto imene tonse tinkaiona ngati yatha anaiyambiranso.

Choyamba anaikweza. Anachotsa masipuling'i ake n'kuikamo a pikapu, n'kuivekanso matayala akuluakulu, moti Pijo ija inaima ngati tambala wotalika miyendo. Kuchokera pakhomo pawo kukafika pamsewu wa tala ndi pamyaa, ngakhale wilibala sidandaula. Nanga kukwezako n'kwa msewu uti?

Chachiwiri anawotcherera thanki ina pansi. Madzulo ankapita ndi njinga kwa anthu aja ogulitsa mafuta a m'zigubu, kukagula pang'onopang'ono n'kumathira, koma galimoto osaiyendetsa. Janeti anati munthu wosunga kamba wotere sapita kuchigayo.

Chachitatu ndiye chinaswa mudzi. Anazula mpando wakumbuyo, umene tonse tinkauwerengera, n'kuyalamo matabwa. Tsiku lina masana ndinawaona ndi maso angawa atagona chagada pamatabwapo, akutambasula miyendo, kenako n'kusunthira kumbali ngati akusiyira wina malo. Mawa lake anabwera ndi matilesi atsopano ali m'pulasitiki. Mayi Sophie amagona pa matilesi amene anagulidwa Rosie ali kupulayimale.

"Kama, achemwali," anatero Janeti. "Kama wa matayala. Kumaliro kumakhala amayi ambiri olira, ndipo si onse amalirira malemu."

Kenako anabwera makatani a m'mawindo, osokedwa ndi telala wa ku Chitakale, pamene makina osokera ali m'nyumba mwawo momwemo. Pomaliza Abdul anawotcherera zogwirira m'mbali mwa kamayo. Abdul si munthu wamiseche, koma Janeti anamukongoza matimati mpaka pakamwa panatseguka. Akuti a Hopeson anamuuza kuti zogwirirazo zilimbe kwambiri chifukwa munthu wake ndi wathupi.

Mayi Sophie ndi ochepa thupi ngati nsungwi. Mawu amenewa anawafika m'khutu. Anangosiya kuwatengera amuna awo tiyi pansi pa mango paja. Anafunsako kamodzi kokha, ine ndili pafupi ndikunola khasu limene linali lakuthwa kale.

"Bambo a Rosie, matilesiwo ndi a ndani?"

"Ndikuuzani ndikamaliza."

"Mumaliza liti?"

"Kwatsala pang'ono."

Pang'onopo sipankatha. Akamanga mabuleki ankamasula hutala. Akakonza hutala ankati chitseko chakumbuyo chikutseguka moperewera. Anapenta galimoto yonse, n'kupalanso, n'kupentanso. Ena ankati akudikira kuti mayi wathupiyo amalize kukolola nandolo. Ena ankati akudikira mvula kuti ifufute mapazi a matayala.

Apa m'pamene analowererapo a Morris, mlongo wawo wa mayi Sophie, mwini mbumba. A Morris amakhala kwa akazi awo ku Milonde, kumene nawonso ndi mkamwini, ndipo amene anawaonako amati amayenda monyang'ama ngati mphaka wa eni. Koma akangotsika minibasi pa Chinakanaka chifuwa chimatukuka. Anaizungulira galimoto ija manja ali kumbuyo, anagogoda thanki, anasuzumira pakatani, n'kuitanitsa mpando.

"Chemwali, munthuyu akuthawa," anatero. "Tisadikire kuti atichititse manyazi, tidzadzuke tsiku lina tipeze mafuta okha atadontha pansi. Timuyambe ndife. Atenge bulangeti lake azipita."

"Nanga galimoto?" anafunsa Janeti.

"Yakulira panthaka yathu. Yadya mthunzi wa mango athu."

Mayi Sophie ankangotola timiyala mu mpunga. Anati, "Achimwene, munthu ndakhala naye mpaka imvi. Simungamuchotse ngati mbuzi yolowa m'dimba."

"N'chifukwa chake tichita mwamwambo. Pakhale mlandu."

Anawaitana a Hopeson, amene anatuluka pansi pa galimoto ali mbuu, sipanala ili m'manja.

"Alamu, muli ndi mlandu pamudzi pano. Ukwati uno tiuunika. Nkhoswe ya kuchikazi ndine. Ya kuchimuna ndi akulu anu a Danieli, amene sitinawaone pano chikwatireni Rosie. Mukawatenge. Popanda iwo sitingakambe kanthu."

Ine ndinkayembekeza kuti a Hopeson akwiya kapena agwada. Koma nkhope yawo inangomasuka pang'onopang'ono ngati ya munthu amene wamutula mtolo.

"Mwati ndikawatenge?"

"Ndatero."

"Ndibwere nawo pano?"

"Kodi m'makutu mwalowa girisi? Pano!"

"Chabwino, alamu. Ndinyamuka mawa."

Galimoto imene inali isanathe kwa miyezi inatha madzulo omwewo. Izi zinamuopsa Janeti kuposa matilesi. Anathamangira kwa a Morris kukawauza kuti amupatsa wakuba chilolezo chotulukira pachipata, ndipo a Morris anayamba kukamba zochotsa tayala limodzi. Koma m'mawa a Hopeson potsegula chitseko anapeza mayi Sophie atakhala kale kumpando wakutsogolo, atavala chitenje chakutchalitchi, lichero la nandolo wosasenda lili pamiyendo.

"Mayi a Rosie, msewu wake ndi woipa."

"Ndiuona."

"N'kutali."

"Nandolo ndatenga wokwanira. Lizani."

Za paulendowo anandiuza okha mayi Sophie pambuyo pake, pang'onopang'ono, monga amachitira munthu amene akufuna ufunsenso. Akuti njira yonse sanalankhulane. Iwo ankasenda nandolo n'kumakonza mawu okamuuza mayi wathupi uja, ndipo pofika kumtsinje anali atakonza okwanira amayi atatu. Pijo inalowa m'madzi n'kutuluka tsidya lina osatsokomola, ndipo akuti zinawapweteka kuona kuti amuna awo anauyeza bwino chonchi msewu wa kwa mkazi wina.

Anaima pamudzi wina wa chinangwa chokhachokha. Palibe mayi anatuluka kudzawalandira mwamanyazi. Anawalozera kukhitchini, ndipo pakhonde la khitchiniyo, pamphasa, panali a Danieli. Thupi linali lomwe lija lalikulu, koma mbali imodzi inali itafa, mkono uli lende, mwendo ngati chipika. Matenda aja oumitsa ziwalo anawagwira akazi awo asanamwalire. Pakamwa pokha m'pamene panatsala pamoyo, ngakhale panapotoka.

"Mlamu! Mwaonda bwanji chonchi? Mng'ono wangayu amakudyetsani mabawuti?"

Pambali pawo panali mtolo womangamanga kale, ndipo fumbi limene linali pamtolopo linkasonyeza kuti sunamangidwe dzulo. Eni mudzi anali atawasudzula a Danieli maliro atangotha, monga timachitira mkamwini akaferedwa: zikomo, mwatisungira mwana wathu, bwererani kwanu. Mwana kumeneko analibe woti awaikire kumbuyo. Koma kwawo kwake kuti? Munthu wobadwira m'malayini kwawo ndi nyumba ya kampani, ndipo m'nyumbamo munalowa ena kalekale. Eni mudziwo sanali anthu oipa. Ankawapatsa chakudya, n'kumafunsa mwaulemu kuti kodi galimoto ya ang'ono anu ija yafika pati.

Anawanyamula amuna anayi. Chitseko chakumbuyo chinatseguka mokwanira ndendende, ndipo a Danieli anagwira chogwirira cha Abdul ndi dzanja lamoyolo n'kudzikokera pamatilesi.

Pobwerera mayi Sophie anadikira mpaka atawoloka mtsinje.

"Imani."

A Hopeson anaima.

"Miyezi yonseyi ine ndikudya minga, anthu akundiloza pamsika, inu muli chete. Chinakukanikani n'chiyani kunena?"

"Ndimaopa kuti mukana."

"Munandifunsa?"

"Mukanakana ndikanalowera kuti? Ine pamudzi paja ndine wobwera. Wobwera sabweretsa mlendo wake wodzakhala. Ndimati ndimalize kaye galimoto, ndiye ndipemphe."

"N'chifukwa chake simumamaliza."



"Anapenta kawiri," anatero a Danieli kumbuyoko. "Anachita kunditumizira uthenga kuti penti yoyamba sinagwire. Ine ndikuola pamphasa, iye akusankha mtundu."

Mayi Sophie akuti anafuna kuseka koma anakumbukira kuti akwiya. Anafunsanso chimene chinkawadya kwambiri.

"Nanga tsiku lija munagona pamatabwa n'kusunthira kumbali, mumasiyira ndani malo?"

"Ndowa yodzithandiziramo achimwene."

Mlandu unakhala tsiku lotsatira pansi pa mango, ndipo anthu anabwera ambiri kuposa pa chinkhoswe cha Rosie. Nkhoswe ya kuchimuna sinathe kukhala pampando, choncho a Hopeson anabweza galimoto chambuyo mpaka pabwalo n'kutsegula chitseko, a Danieli n'kumamvera ali pamatilesi atatsamira pilo. Milandu yonse imene a Morris anakonza, ya thanki, ya makatani, ya munthu wathupi, inali itagona pamaso pawo ikuwayang'ana. Koma a Morris si munthu wobwerera. Anaona msanga kumene nkhani ikupita, n'kusintha nyimbo.

"Zamveka, alamu sanali kuthawa. Mlandu watha. Tithokoze a Danieli pobwera, apume lero, mawa awaperekeze."

"Awaperekeze kuti?" anafunsa mayi Sophie.

"Chemwali, mwambo mukuudziwa. Malo ano ndi a mbumba. Tikalola mkamwini kubweretsa mkulu wake, mawa wa Janeti abweretsa azakhali ake."

"Zimenezo ayi," anatero Janeti mofulumira. Azakhali akewo amawadziwa.

Apa a Hopeson anaimirira, chipewa chili m'manja, n'kulankhula mawu ambiri kuposa amene tinawamvapo chaka chonse. Anati sakulimbana ndi mwambo. Akapanda kuloledwa a Danieli, iwo awatenga, akafune kanyumba ka lendi ku Chitakale, azikakhala nawo komweko, chifukwa munthuyo sangathe ngakhale kudzitembenuza yekha. Chimene a Morris ankachiopa chija chinali chitafika ndithu, koma polowera khomo lina, ndipo wochikankha anali iwo omwe.

Mayi Sophie anakonza chitenje n'kuyang'ana mlongo wawo.

"Achimwene, mwati mlandu watha. Wodandaula ndi ndani, inu kapena ine?"

"Ndinu, chemwali."

"Ndiye ine sindinakhululuke. Bambowa anandibisira nkhani miyezi yonseyi. Anasoketsa makatani kwa telala ine ndilipo. Anandiwonongera beseni. Mlandu ulipo, ndipo ndi waukulu. Kodi nkhoswe imachoka mlandu usanathe?"



"Sichoka," anayankha a Danieli m'galimotomo. "Ndingakhale nkhoswe yanji ine, kuthawa ana akukangana? Ndipo woimbidwa mlandu nayenso asachoke pamudzi. Alamu a Morris, nkhaniyi ndi yozama. Tiiyimitse kaye, ndikaiganizire."

Akuiganizirabe. Anawakonzera chipinda chimene chinali cha Rosie. Lachisanu a Hopeson amawakweza m'Pijo kupita nawo kuchipatala cha kuboma kukawongola ziwalo, mayi Sophie ali kutsogolo, ndipo pobwerera amanyamulako matimati a Janeti, amene tsopano amauza anthu pamsika kuti iye anadziwa kuyambira pachiyambi kuti alamu ake ndi munthu wachifundo. Mwamwambo a Danieli sakhala pamudzi pano. Anangobwera kumlandu.

Koma kukayika sikunathe, kwangosamuka. A Morris amakhulupirira kuti anawatchera msampha. Amati munthu amene angalowetse injini ya pikapu mu Pijo sangalephere kulowetsa mkulu wake pamudzi wa eni, ndipo matilesi aja, makatani aja, mawu aja a kwa Abdul, zonse zinali nyambo yoti iwo aitanitse nkhoswe ndi pakamwa pawo. Ine sindikudziwa. A Hopeson ndinawafunsa mozungulira, iwo n'kundipempha kuti ndiwagwirire jeke. Ena akuti wanzeru pankhaniyi ndi mayi Sophie, ndipo ena akuloza a Danieli, poti munthu wogona tsiku lonse ali ndi nthawi yoluka zinthu.

Mwezi wathawu a Morris anatsikanso minibasi, chifuwa chili patsogolo, n'kulunjika pakhonde pamene a Danieli ankaothera dzuwa akudya chinanazi.

"Akulu, mlandu uja tiumaliza liti?"

A Danieli anatafuna mosafulumira, n'kupukuta pakamwa ndi dzanja lamoyolo.

"Alamu, musandithamangitse. Dzulo lomweli wodandaula wabweretsa umboni wina. Akuti mng'ono wangayu anatenganso sefa."